Madala okonza magetsi a njinga zamoto ku Chinamwali amayamba ndi mita

Inu amene muli ndi njinga zamoto zazitali zija zimene mabungwe amagulitsa akazitopetsa m'midzi, ku Chinamwali, kuno ku Zomba, kuli madala ena amene ntchito yawo ndi magetsi basi. Malo awo ali chapafupi ndi msewu wa M3 wopita ku Liwonde. Injini samasula, matayala samata. Ndinawapititsira Yamaha DT125 yanga, ndipo ndinena zabwino zawo ndi zotopetsa zawo zomwe, poti zonse zilipo.

Ine ndimapikula mpunga ndi nandolo mbali za Jali ndi Kachulu, ndiye kubwerera kunja kutada n'kwa masiku onse. Getsi lakutsogolo linali litafika powala ngati koloboyi. Ndikaipatsa moto linkayerako, koma ndikachepetsa liwiro pa dzenje kapena pa mlatho, pomwe munthu umafuna kuonetsetsa, linkangofiira. Hutala inasasa mawu, maindiketa akungoyaka osaphethira. Kwina anandisinthira babu, kwina akuti batire latha, kwinanso akuti koyilo yapsa, titumize ku Limbe. Onsewo panalibe anagwirako mita yoyezera moto wa magetsi.

Madalawa sanakhudze sipanala mpaka atayeza. Anati: "Achimwene, njinga yanuyi moto umayenda njira ziwiri, ndiye matendanso ndi awiri." Getsi lakutsogolo pa njinga zamtunduwu limatenga moto wa AC, wosinthasintha mbali, kuchokera ku koyilo ya m'magineto imene imapanga moto injini ikamazungulira, n'chifukwa chake limawala motsatira kulira kwa injini. Hutala, maindiketa ndi getsi la buleki ndi zomwe zimadya za m'batire. Choncho ndikanagula batire latsopano, hutala ikanalira bwino kwa kanthawi koma kutsogolo kukanakhalabe mdima womwewo.

Batire linaonetsa moto wosakwana mavoti 12, pamene lodzaza bwino limakhala pa 12.6, ndipo injini ikamalira mwamphamvu mita iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Langa silinkakwera n'komwe. Kenako anayeza pa mawaya otuluka m'injini, n'kupeza kuti koyilo imene ena anaiweruza kuti yapsa ikutulutsa moto bwinobwino. Atayeza pa chogwirira babu, motowo unali utachepa kwambiri. Ndiye kuti unkatayika panjira.

Atatsegula chigoba cha getsi ndi pomwe tinaona mbiri yonse ya njingayo. Aliyense amene anaikhalapo anasiya chizindikiro chake: mawaya opotokola ndi manja, okulungidwa ndi tizidutswa ta jumbo m'malo mwa tepi, ena atabiriwira. Waya wa earth, umene umabweza moto ku felemu, unamangidwa pa bawuti yadzimbiri. Mu switchi ya pa handulo munali fumbi louma lophatikizana ndi madzi a mvula ya kuno ku Zomba, yomwe simufunika kuuzidwa kuchuluka kwake. Ndipo babu lija anandiikira koyamba linali la galimoto, la 60/55W, pamene koyilo ya njinga yaing'ono ngati iyi inapangidwira babu la 35/35W. Babu lalikulu pa koyilo yaing'ono silionjezera kuwala, limangofiira chifukwa moto sukulikwanira.

Anapala malo onse ndi sandipepa, n'kudula zopotokolazo, n'kuwotcherera bwino. Chimene ndinachikonda kwambiri n'chakuti anakoka waya wina wa earth kuchokera ku getsi mpaka pa felemu penipeni, ati moto usamadalire kudutsa m'mabelingi a handulo momwe muli girizi. Za batire vuto linali pulagi yogwedera pa rectifier, kachipangizo kosandutsa moto wa AC kuti ulowe m'batire, ndi madzi amene anaphwa. Anathiramo madzi a batire, n'kulitchaja, lidakagwirabe ntchito mpaka pano.

Ndinawafunsa ngati tisinthiretu regulator, kachipangizo koletsa moto kupyola mlingo, poti njinga ndi yakale. Anakana. Ati regulator ikafa mumadziwira mababu kupsa motsatizana mukangoikoka mwamphamvu, ndipo mita ikuonetsa kuti yanga ikugwira moto pamlingo wake. Munthu wina akanangoti inde n'kulandira ndalama. Za mababu a LED amene adzaza m'mashopu anandichenjezanso kuti ambiri amafuna moto wa DC, wonga wa m'batire, ndiye mukawalumikiza ku AC amaphethiraphethira kapena kufa msanga, pokhapokha akhale olembedwa kuti amalola zonse ziwiri. Enanso amamwaza kuwala m'maso mwa anzanu m'malo moloza pansi. Ndipo inu a njinga zakale kwambiri, yang'anani kaye ngati yanu ndi ya 6V kapena 12V musanagule babu.

Zotopetsa tsopano. Nthawi sasunga. Akati "dikirani pang'ono" konzekerani kudyera nkhomaliro pomwepo, chifukwa mnyamata wa kabaza aliyense akafika amasiya yanu n'kuyamba yake, ati iwowo njinga ikaima ana agona ndi njala. Mfundoyo ndi yomveka, koma wa mpunganso ali ndi ana. Masipeya sasunga, amakulemberani pa kapepala kuti mukagule nokha m'tauni, ndipo mukabwera ndi babu lotchipa amakubwezani mosanyengerera. Pokhala ndi benchi imodzi, mthunzi wake umatha dzuwa likafika paliwombo. Foni sayankha, ndalama za pafoni salandira.

Malipiro awo pamodzi ndi babu sizinafike mtengo wa batire limene ena ankafuna ndigule. Getsi silinasanduke la galimoto ayi, injini ikamalira pang'onopang'ono limatsikabe pang'ono chifukwa ndi mmene njingayi inapangidwira. Koma njira ya ku Kachulu ndikuona mbuzi ndi wapanjinga yakapalasa adakali patali, ndipo pa roadblock hutala ndi maindiketa sizikundichititsanso manyazi.

Mukafuna kupita, lawirirani m'mamawa a kabaza asanachuluke, njinga ikhale yotsuka koma musathire madzi m'chigoba cha getsi, ndipo tengani ndalama m'manja. Lachisanu masana musavutike, amakhala ali ku mzikiti.