"Provided that", "as long as", "unless" ndi "subject to": ndi mawu ati akukulolezani zenizeni?

Kalata ya ntchito kapena pangano la lendi likakulolezani kanthu m'Chingerezi, kawirikawiri pamakhala mfundo yoti ikwaniritsidwe kaye. Mawu anayiwa ambirife timangowamva ngati "bola", koma sakupatsani mphamvu yofanana.

Ine ndimakonda "provided that". Anachokera ku Chilatini, providere, kuoneratu zam'tsogolo, ndipo alembi akale a malamulo ku England ankayamba ndime zotere ndi proviso quod. Mpaka lero maloya amatcha ndime yotereyi "proviso". Landilodi akalemba kuti "You may paint the room provided that you tell me in writing", inu mukangomulembera kalata, basi, pentani. Chochita chili m'manja mwanu ndipo chili ndi pothera.

"As long as" poyamba ankanena za kutalika kwa nthawi, ndipo sanasiye. Chilolezo chimakhalapo mukamakwaniritsa mfundoyo. Ngati mfundoyo ndi kulipira lendi, tsiku lomwe mwasiya kulipira, nacho chatha.

"Unless" amasokoneza ophunzira ambiri. M'zaka za m'ma 1400 anthu ankati "on lesse than", kenako "on" anasanduka "un". Mawuwa ali nalo kale tanthauzo la kukana mkati mwake, choncho musawonjezerepo "not". Akuti chilolezo muli nacho, chidzachotsedwa pokhapokha chinachake chitachitika.

Oyenera kuwaopa ndi "subject to". Muzu wake ndi Chilatini chomwecho: sub, pansi, ndi iacere, kuponya. Chinthucho chaikidwa pansi pa ulamuliro wa wina. "Subject to approval" (wina akavomereza) kapena "subject to availability of funds" (ndalama zikapezeka) ndi kalata yomwe munthu amavina nayo asanaiwerenge bwino, chonsecho wosankha sanasankhe. Ku England, wogula nyumba amene mtengo wake walandiridwa "subject to contract" sanagule kanthu: mpaka mbali ziwirizo zitapatsana mapangano osainidwa, wogulitsa akhoza kuipereka kwa wina wobwera ndi ndalama zambiri, ndipo lamulo silimugwira.

Mukamalemba pangano nokha, sankhani "provided that" ndipo mfundoyo muitchule momveka. Akakulemberani "subject to", musasiye ntchito yakale kapena kupereka dipoziti musanafunse kuti wovomerezayo ndi ndani, ndipo ayankha liti.