Ndemanga yanga pa Cessna 152 yogwiritsidwapo kale ntchito imene ndinagula ndili wophunzira

Patha chaka chimodzi chigulireni ndegeyi, ndipo popeza ndauluka nayo mokwanira pamodzi ndi aphunzitsi anga, ndaona kuti ndifotokoze zimene ndapeza. Ndi Cessna 152 yopangidwa mu 1979, ya mipando iwiri ndi injini ya Lycoming O-235. Ndinaigula kwa munthu wina wa ku South Africa, ndipo itafika kuno nambala yake yoyamba ndi ZS inasinthidwa kukhala ya 7Q, yomwe ndi ya dziko lino.

Pa nkhani yophunzirira ndilibe dandaulo lililonse. Imamvera chiwongolero, imapirira wophunzira akatera moigwetsa, ndipo imamwa malita pafupifupi 23 pa ola. Mapiko ake ali pamwamba, kotero munthu amaona bwinobwino Senga Bay ndi zilumba za Maleri pansi pake. Chofunika kusamala kuno ku Salima ndi kutentha kwa mu Okutobala, chifukwa mpweya ukatentha umapepuka ndipo ndege imathamanga mtunda wautali isananyamuke. Kulemera kwake konse sikuyenera kupitirira makilogalamu 757, choncho ine ndi aphunzitsi anga timayamba tawerengera kaye tisanathire mafuta, ndipo timanyamuka m'mamawa dzuwa lisanakwere.

Chimene chinandipweteka mtima ndi kagulidwe kake. Wogulitsa ananditumizira zithunzi za penti wonyezimira komanso lipoti la injiniya wake, ine n'kukhulupirira. Ndege itafika, injiniya amene ndinamulemba ndekha anatsegula timabowo toyang'anirapo ndipo anapeza kuti zitsulo za m'kati mwa mchira zayamba kudyeka, pakuti inakhala zaka zambiri kufupi ndi nyanja yamchere. M'mabuku olembamo mbiri ya ndegeyi munalinso chaka chathunthu chopanda cholembedwa chilichonse. Inaima miyezi iwiri podikira masipeyala ochokera kunja, amene amafuna ndalama zakunja zomwe n'zovuta kupeza, ndipo maphunziro anga anaimanso.

Kwa wophunzira mnzanga amene akuganiza zogula, ndegeyi ndikuivomereza ndi mtima wonse, koma musapereke ngakhale tambala injiniya wosankha inu eni asanaione ndi kuwerenga mabuku a injini ndi a thupi lake tsamba ndi tsamba. Mufunsenso maola amene atsala kuti injini imasulidwe yonse, chifukwa ntchito imeneyo ndi yodula kwambiri. Muwerengerenso inshulansi, malo oisungira ndi mafuta a ndege otchedwa avgas, amene sapezeka pamalo omwetsera galimoto.

Yanga tsopano ili bwino, ndipo mphepo ya mwera ikangoleka ndiuluka nayo ndekha kupita ku Nkhotakota motsata gombe.