Kachipewa ka ŵ kanandidyera ndalama: UTF-8, UTF-16 ndi kawerengedwe ka SMS

Ndine mlembi wa gulu lathu lothandizana pa maliro kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Ambirife makolo athu anachokera ku Malawi kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, choncho mauthenga timalemba m'Chichewa. Mwezi watha ndinalemba uthenga wa zilembo 150 woitanira anthu 80 ku msonkhano. Ine ndimati ndilipira mauthenga 80, koma anandidula ya mauthenga 240. Atcheyamani anangoti, "Alembi, ndalamayi yapita kuti?" Mpamene ndinakhala pansi kufufuza kuti chilembo chimodzi chimalemera bwanji.

Njira yoyamba yowerengera ndi imene ambirife timaidziwa: chilembo chimodzi, baiti imodzi (baiti ndi muyezo wa malo amene zolemba zimatenga mu foni kapena kompyuta). Inachokera ku ASCII ya 1963, njira yosungira zilembo pa kompyuta yomwe ili ndi zizindikiro 128 zokha. Ngati mwalemba a mpaka z, manambala ndi mpumiro, kuwerenga kotere sikunama. Musaiwale kuti mpata wa pakati pa mawu nawonso ndi chilembo. Vuto lake, ASCII sidziwa ŵ.

UTF-8, njira ina yosungira zilembo imene Ken Thompson ndi Rob Pike anakonza mu 1992, ndiyo ndimaikonda, ndipo masamba ambiri a pa intaneti amagwiritsa yomweyi. Zilembo wamba imazisiya pa baiti imodzi, ŵ amatenga ziwiri, emoji zambiri zinayi kapena kuposa. Chimene chinandidabwitsa ndi nkhodolero. Ife Achewa timaigwiritsa ntchito paliponse: m'mudzi, ng'ombe, n'kofunika. Yowongoka ija ndi baiti imodzi, koma Word ndi mafoni ena amaipinda okha kukhala yokhota, ndipo yokhotayo imadya mabaiti atatu. Uthenga wanga unali ndi ŵ awiri ndi nkhodolero zokhota zitatu. Ndiye kuti 145, kuphatikiza 4, kuphatikiza 9, zonse mabaiti 158. Kusiyana kwake n'kochepa, simungadandaule.

UTF-16 ndiye sisankha. Chilembo wamba chilichonse imachipatsa mabaiti awiri, kaya ndi a kaya ndi ŵ. Uthenga womwewo ukhala mabaiti 300. Kwa olemba Chitchaina imapepukirako, chifukwa chilembo chawo chimatenga atatu mu UTF-8 koma awiri mu UTF-16. Kwa ife ndi kulipirira mipando iwiri mu kombi muli nokha. Amene muli ndi makompyuta akale, dziwani kuti mukasankha "Unicode" posunga fayilo mu Notepad, ndi UTF-16 imeneyo.

Tsono SMS ili ndi malamulo akeake, ndipo apa ndi pamene ndinapsa. Uthenga umodzi umanyamula mabaiti 140 basi, omwe ndi mabiti 1,120, poti baiti imodzi ndi mabiti 8. Pofuna kupanikiza, chilembo chilichonse chimapatsidwa mabiti 7 m'malo mwa 8, n'chifukwa chake timamva za zilembo 160. Koma mndandanda wa zilembo za mabiti 7 umenewu, wotchedwa GSM, ulibe ŵ, ulibenso nkhodolero yokhota. Chikangolowa chimodzi mwa izi, uthenga wonse umasamukira ku njira ina yotchedwa UCS-2, ya mabiti 16 pa chilembo, ndipo malire amatsika kufika pa 70. Osati chilembo chokhacho ayi, uthenga wonse! Ukatalika n'kuduka zidutswa, chidutswa chilichonse chimataya kamalo kosungira chizindikiro cholumikizira: zilembo 153 pa njira ya GSM, 67 pa UCS-2. Zilembo zanga 150 sizikanakwana m'zidutswa ziwiri, poti 67 kawiri ndi 134. Zinakhala zitatu, kwa anthu 80. Ndi 240 ija.

Za KB, muyezo wa kukula kwa fayilo, ndingokhudzako pang'ono. Kaundula wa mamembala athu ali ndi zilembo pafupifupi 20,000. Mu UTF-8 ndi 20 KB mukagawa ndi 1,000, koma Windows imagawa ndi 1,024 n'kukuuzani 19.5 KB. Palibe chasowa. Dzina lenileni la mabaiti 1,024 ndi KiB, lomwe bungwe la IEC linakhazikitsa mu 1998, kungoti ndi ochepa amalitchula. Fayilo ya Word musaiyeze chonchi, chifukwa .docx ndi phukusi lopanikizidwa lokhala ndi zinthu zina zambiri mkati.

Ine ndasankha motere. Kaundula ndi makalata ndimasunga mu UTF-8, kachipewa kalipo, nkhodolero zilipo. SMS ndimailemba pa foni pomwepo, osakopera kuchokera mu Word, ndipo diso limakhala pa kanambala kamene kamawerenga zilembo zotsala. Kakangogwa mwadzidzidzi, ndimadziwa kuti chalowa chachilendo.

Atcheyamani anakana poyamba. Akuti bambo awo ankalemba Malaŵi ndi kachipewa, ndipo iwo sasiya. Tinagwirizana kuti pa kalata yosindikiza ndi pa WhatsApp kazikhalapo, koma pa SMS ya Loweruka likubwerali ndakachotsa.