PhD ya sayansi ya zamoyo pa yunivesite ya zaumoyo ku America: pamene pali phindu ndi pamene pali minga

Mayunivesite ena ku America, monga UCSF ya ku San Francisco, amachita za umoyo zokhazokha ndipo alibe ophunzira a digiri yoyamba. Wolowa pulogalamu ya PhD ya sayansi ya zamoyo pamalo ngati amenewa nthawi zambiri salipira fizi, amalandira ndalama yodyera ndi inshuwalansi ya kuchipatala, ndipo amamaliza pakatha zaka 5 kapena 6. Maphunzirowa ndi abwino ndithu, koma ubwino wake wagona pa labotale imene mwasankha kuposa dzina la sukuluyo.

Chokoma choyamba nchakuti chipatala chili pakhomo. Magazi kapena kachidutswa ka chotupa cha khansa, komiti ya IRB yoteteza anthu pa kafukufuku ikaloleza ndiponso wodwala akavomera, zimafika pa tebulo lanu tsiku lomwelo. Makina okwera mtengo, monga a flow cytometry owerenga ndi kusanja maselo, maikulosikopu yamphamvu ya confocal ndi owerengera DNA, amakhala m'ma core facility, zipinda zogwiritsidwa ntchito ndi labotale zonse, momwe muli akatswiri okuphunzitsani kagwiritsidwe kake. Koma amalipiritsa pa ola, ndipo ndalamazo zimachokera ku thumba la labotale yanu. Labotale yosauka imakhala ikuyang'ana makina amene singawakwanitse.

Chaka choyamba chili ndi makalasi komanso ma rotation, kawirikawiri atatu, aliwonse a masabata 8 mpaka 10, pamene mumayesa labotale zosiyanasiyana musanasankhe imodzi. Apa mpamene ambiri amalakwitsa. Amathera nthawi yonse kufuna kusangalatsa pulofesa ndi zotsatira, pamene ntchito yeniyeni ndi kuiyesa labotaleyo. Funsani mosaopa kuti thandizo la ndalama za kafukufuku la R01 lochokera ku NIH, bungwe la boma la America loona za kafukufuku wa zaumoyo, latsala ndi zaka zingati, chifukwa limaperekedwa kwa zaka 4 kapena 5 ndipo PhD yanu ingapitirire pamenepo. Mukamva pulofesa akunena kuti tatumiza pempho lina la ndalama, kumbukirani kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Funsaninso kuti ophunzira angati anamaliza, anatenga zaka zingati, ndipo angati anachoka pakati. Ochokawo apezeni, mucheze nawo paokha. Kenako tsegulani firiji yozizira kwambiri ya -80°C yosungiramo zoyeza. Mabokosi olembedwa bwino dzina, tsiku ndi zomwe zili mkati amanena zambiri za labotale. Timachubu topanda zolemba tokwiririka mu ayezi tikutanthauza kuti ntchito ya anthu akale inatayika, ndipo yanunso idzatero.

Zimene zimadya zaka za ophunzira ndi zazing'ono. Mycoplasma, mtundu wa bakiteriya waung'ono kwambiri, ikalowa m'maselo olimidwa m'botolo sichititsa madzi ake kuoneka akuda kapena a matope ngati mabakiteriya ena, imadutsa sefa ya 0.22 micron, ndipo penicillin saigwira chifukwa ilibe khoma la selo. Maselo amangokula mofooka ndi kusintha khalidwe, munthu nkumayeza zabodza kwa miyezi. Labotale yosamala imayeza ndi PCR, njira yopezera DNA ya kachilomboka, mwezi uliwonse, ndipo maselo obwera kuchokera kwina amasungidwa padera kufikira atayezedwa. Imatsimikizanso mtundu wa maselo ndi mayeso a DNA otchedwa STR, pakuti maselo a khansa otchedwa HeLa, amene anatengedwa kwa mayi wina mu 1951, akhala akulowerera m'mitundu ina yambiri mosadziwika. Mapulogalamu ambiri saphunzitsa zimenezi m'kalasi. Amangoganiza kuti muzitola kwa postdoc, wofufuza amene anamaliza kale PhD, wa pambali panu, ndipo ichi nchofooka chachikulu.

Mbewa nazo zili ndi kalendala yake. Simungagwire ngakhale imodzi komiti ya IACUC yoona za kasamalidwe ka nyama zoyesera isanavomereze ndondomeko yanu. Bere limatenga masiku 19 mpaka 21, ana amasiya kuyamwa atatha masabata atatu, ndipo amayamba kubereka ali ndi masabata 6 mpaka 8. Kuphatikiza majini awiri kapena atatu mu mbewa imodzi kumafuna mibadwo ingapo, choncho chaka chimatha musanayeze kanthu. Wanzeru amakhala ndi ntchito yachiwiri ya maselo kapena ya pa kompyuta yoyenda nayo podikira.

Pa masamu ounikira zotsatira, maphunziro ake amakhala ochepa poyerekeza ndi kufunika kwake. Mabowo atatu a mbale yoyezera maselo odzazidwa kuchokera m'botolo limodzi tsiku limodzi ndi kuyesa kumodzi, osati katatu. Wophunzira wosadziwa izi amazimva koyamba kwa komiti ya mapulofesa yoyang'anira PhD yake, manyazi ali m'maso. Tengani kosi ya biostatistics ndi kuphunzira mapulogalamu a pa kompyuta a R kapena Python m'chaka choyamba, ngakhale asakukakamizeni.

Cha kumapeto kwa chaka chachiwiri pamabwera qualifying exam: mumalemba ndondomeko ya kafukufuku ngati pempho la ndalama, nkuiteteza pamaso pa mapulofesa. Mayesowa ndi olimba koma ndi gawo lothandiza koposa, chifukwa amakukakamizani kunena zomwe mudzachite ganizo lanu likadzapezeka lolakwa. Mukadutsa, onetsetsani kuti komiti yanu ikukumana kamodzi pachaka, ndipo muikemo munthu mmodzi amene si mnzake wa ponda apa mpondepo wa pulofesa wanu. Ndiye angathe kunena kuti ntchito yakwana, wophunzirayu amalize.

Wofuna kudzakhala mphunzitsi adziwe kuti popanda ophunzira a digiri yoyamba, mwayi wophunzitsa ndi wochepa, ndipo ayenera kuufunafuna yekha. Ochokera kumayiko ena nawonso adziwiretu kuti thandizo la NIH la ophunzira, T32 ndi F31, ndi la nzika za America ndi amene ali ndi chilolezo chokhala m'dzikolo mokhazikika. Malo a ochokera kunja amakhala ochepa, ndipo malipiro awo amadalira thumba la pulofesa kapena la sukulu, nchifukwa chake funso la R01 lija kwa iwo liyenera kufunsidwa sabata yoyamba ya rotation.