Optolong L-eXtreme: fyuluta yojambulira nebula zowala mofooka

Fyuluta iyi, galasi losefa kuwala loikidwa pakati pa telesikopu ndi kamera, imalola kuwala kwa mitundu iwiri yokha kufika pa sensa ya kamera: kofiira kwa haidirojeni, H-alpha, pa 656.3 nm (nanomita, muyeso wa kutalika kwa funde la kuwala), ndi kobiriwira kwa okosijeni, OIII, pa 500.7 nm. Mpata uliwonse ndi wa 7 nm basi. Nebula, mitambo ya mpweya ya m'mlengalenga, zimasiyanasiyana: yotulutsa kuwala kwakekwake imawalira pamizere imeneyi, pomwe magetsi achikasu a sodium a mumsewu ali pa 589 nm, ndiye amatsekeredwa kunja. A LED amamwaza kuwala paliponse, choncho kena kamalowabe, koma kochepa.

Poiyesera pabwino ndi pa Sh2-308, chikhungwa cha mpweya chimene nyenyezi yotentha kwambiri ya EZ Canis Majoris inauzira kunja, madigiri pafupifupi 8 kumwera kwa nyenyezi ya Sirius. Kukula kwake kumaposa pang'ono mwezi wathunthu, koma n'chofooka kwabasi, ndipo kuwala kwake kwambiri ndi kwa OIII. Ndi kamera yamitundu ngati ZWO ASI533MC Pro pa telesikopu ya 400 mm, mumaona dera la madigiri 1.6 mbali zonse, chimakwana bwinobwino. Ziziritsani sensa kufika pa -10°C, gain (mlingo wokuzira chizindikiro cha sensa) ikhale 100, chithunzi chilichonse masekondi 300. Pachithunzi chimodzi mungoona kamzere kopindika kokayikitsa. Mukaphatikiza zamaola atatu mkombero umaoneka, koma timizere ta m'kati mwake timafuna maola 10 kapena kuposa, kutanthauza zithunzi 120 zabwinozabwino.

Apa mpamene ambiri amakhumudwa. Fyuluta siwonjezera kuwala, imangodetsa thambo kuti chofookacho chisamire. Komanso pa sensa yamitundu, pikiselo (kadontho kolandira kuwala) imodzi yokha mwa zinayi ndi yofiira, ndiye H-alpha amagwera pamenepo pokha, pomwe OIII amagawanika pa zobiriwira ndi zabuluu. Mtengo wake mumalipira ndi maola. Mwezi ukakhala waukulu, H-alpha amapirirako, koma OIII amasuluka msanga. Sh2-308 muisungire masiku amdima.

Vuto lodziwika la fyulutayi ndi mkombero wotuwa kuzungulira nyenyezi zowala kwambiri, umene umabwera kuwala kukamanjanja pakati pa fyuluta ndi magalasi apafupi ndi sensa. Pa Sh2-308 simungathawe, chifukwa nyenyezi yowala ya Omicron1 Canis Majoris ili pafupi penipeni. Mkomberowo umaoneka kwambiri ku mbali ya OIII, ndipo kuufufuta pakompyuta kumasiya chipsera mukapanda kusamala. Pa matelesikopu othamanga, osonkhanitsa kuwala mwachangu, ngati a f/2, kuwala kumalowa mopendekeka, mpata wa fyuluta n'kusuntha, ndiye mbali ina ya H-alpha imatayika. Pa f/5 mpaka f/7 imagwira bwino.

Poimanga, ya mainchi awiri ili ndi mazinga a M48. Galasi lake limatalikitsa njira ya kuwala ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a kunenepa kwake, choncho pa mtunda wa 55 mm kufika pa sensa umene ma flattener (magalasi owongola nyenyezi za m'makona) ambiri amafuna, onjezani kamphete kopyapyala ka theka la milimita. Mukaiwala, nyenyezi za m'makona zimatalika ngati timizere. Focus ikonzeni fyuluta ili kale m'malo mwake, ndi Bahtinov mask (chophimba cha timipata choika kutsogolo kwa telesikopu) panyenyezi yowala, ndipo muionenso usiku ukamazizira. Mukamagwiritsa ntchito off-axis guider, chipangizo chopatutsira kuwala pang'ono ku kamera yolondolera nyenyezi kudzera pa kagalasi ka prism, fyuluta ikhale pakati pa prism ndi sensa, apo ayi pulogalamu yolondolera ya PHD2 idzasowa nyenyezi yotsatira. Chitani dither, kusuntha telesikopu pang'ono kwambiri, pakatha zithunzi ziwiri kapena zitatu zilizonse. Ma dark 30, zithunzi zojambula telesikopu itatsekedwa, akwanira. Ma flat 30, zithunzi za kuwala kofanana ponseponse, muwajambule fyuluta isanachotsedwe ndiponso kamera isanatembenuzidwe, kupanda kutero madontho a fumbi sadzachoka.

Mu Siril, pulogalamu yokonzera zithunzi zakuthambo, muli script (ndondomeko yodzichitira yokha) yolekanitsa H-alpha ndi OIII. Ikani H-alpha pa chofiira, OIII pa chobiriwira ndi pa buluu, kenako mulinganize mphamvu zake musanakweze kuwala kwa chithunzi kuti zofooka zioneke. Nyenyezi zimatuluka ndi mitundu yabodza, ndiye jambulani zina 40 zamasekondi 30 popanda fyuluta, mutengemo nyenyezi zokha.

Kwa wojambula nebula za mpweya ali m'tauni ndi kamera yamitundu, ndi yoyenera kugula. Pa milalang'amba kapena gulu la nyenyezi la Pleiades ichotseni, chifukwa imadula kuwala kumene mukufunako. Pa kamera wamba ya DSLR yosasinthidwa phindu ndi lochepa, poti galasi la m'kati mwa kamerayo limatsekereza kale H-alpha wambiri.