Gulu la WhatsApp la makolo a kalasi 7 mpaka 9: pamene limathandiza ndi pamene limaperewera

Kuyambira mu 2023, pamene kalasi 7 inachoka ku pulayimale n'kukhala chaka choyamba cha sekondale potsatira lamulo la maphunziro la 2018, makolo ambiri ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, akuvutika kudziwa zimene ana awo akuphunzira. Mwana wa zaka 12 kapena 13 amene dzana ankaphunzitsidwa ndi mphunzitsi wodziwika m'mudzi monse, lero ali ndi aphunzitsi ambirimbiri, aliyense ndi phunziro lake, ndipo nthawi zina sukuluyo ili pamtunda woti njinga ndiyo iyende. Ukamufunsa kuti kusukulu kunali bwanji, yankho ndi lakuti "kunali bwino", basi. Kholo limadzadzidzimuka trimestre (teremu) itatha, pauta (pepala la zotsatira za mayeso) itamatidwa pakhoma, mwana ali ndi manegativa anayi, kutanthauza kuti walephera maphunziro anayi.

N'chifukwa chake aphunzitsi ambiri oyang'anira turma (gulu la ana a kalasi imodzi ophunzira pamodzi, monga 7ª B) atsegula magulu a WhatsApp a makolo. Kuona kwathu n'kwakuti gulu lotere ndi labwino kwambiri polengeza zinthu ndi posonyeza zimene zikuphunziridwa m'kalasi, koma ndi loipa pa nkhani ya mwana mmodzi payekha, ndipo likasiyidwa lokha limataya makolo amene akufunika uthengawo kuposa onse.

Ubwino wake waukulu ndi uthenga wa mawu. Kusukulu zonse zimalembedwa m'Chipwitikizi, pamene agogo kapena amalume amene akusunga mwana ku Dómuè kapena ku Furancungo amalankhula Chichewa, ndipo ena kuwerenga kumawavuta ngakhale m'chinenero chawo. Kalata yopatsira mwana imafuna munthu woiwerenga, ndipo kawirikawiri woiwerengayo ndi mwana yemweyo, amene amadumpha ndime yosamukomera. Mawu ojambulidwa alibe vuto limeneli. Mphunzitsi amakanikiza kachizindikiro ka maikolofoni, n'kulankhula mphindi imodzi m'Chichewa, ndipo kholo limamva lokha, kawiri katatu ngati likufuna. Mawu samadya mamega (data ya intaneti) ambiri ngati kanema, ndipo netiweki ikakhala yofooka amadikira n'kulowa okha foni ikagwira pachitunda. Mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka ndi yokwanira. Uthenga wa mphindi zisanu anthu amausiyira panjira, ndiye tsiku la mayeso limene linanenedwa kumapeto silimveka.

Magulu ambiri amafa chifukwa cha zimene amatumizamo. Mukhala muli "mawa kuli msonkhano", "bweretsani ndalama ya mlonda", "ana abwere ndi makasu". Kholo likaona kuti gululi limangoitanitsa, limaleka kutsegula. Chimene chimasunga makolo ndi uthenga wa mlungu ndi mlungu wonena za maphunziro enieni, wotumizidwa tsiku lomwelomwelo, tinene Lachisanu madzulo anthu ataweruka kumunda. Ukhale ndi zinthu zinayi zokha: zimene taphunzira mlungu uno m'maphunziro awiri kapena atatu, TPC (ntchito yokachitira kunyumba) imene ana apatsidwa, tsiku la ACS (mayeso a m'kati mwa trimestre) yotsatira, ndi funso limodzi loti kholo lifunse mwana kunyumba. Mwachitsanzo:

"Makolo a 7ª B, mwaswera bwanji. Mlungu uno pa masamu taphunzira maperesenti, masamba ake ndajambula ali m'munsimu. Lachitatu kuli ACS ya Chipwitikizi, awerenge nkhani ziwiri zimene alemba m'kope. Mufunseni mwana wanu kuti thumba la feteleza likakwera kuchoka pa 2000 kufika pa 2500 meticais, lakwera ndi maperesenti angati. Yankho ndi 25. Akalephera musamukalipire, mundiuze kumbali."

Funso lomalizali ndi limene lili ndi mphamvu. Mlimi wa mbatata ya kachewere wa ku Tsangano amene sanafike kalasi 7 amadziwa bwino lomwe kusiyana kwa mitengo iwiriyo, ndipo mwana akayankha kuti 50 kapena 500, kholo limazindikira pomwepo kuti pali chosamveka, kudakali milungu yambiri AT (mayeso a kumapeto kwa trimestre) isanafike. Woyang'anira turma sangadziwe yekha zimene zikuchitika m'maphunziro onse, choncho afunika kupempha anzake kuti pofika Lachinayi aliyense amupatse mzere umodzi. Apa ndi pamene ntchitoyi imalemera, ndipo tisabise: ndi ntchito yowonjezera, yochitidwa pa foni ya mphunzitsi ndi mamega ogula yekha. Komiti ya sukulu (Conselho de escola) ikafuna kuti gulu likhalitse, iyambe yakambirana za amene azigula mamegawo.

Kakonzedwe ka gululo sikatenga nthawi, koma pali mabatani atatu amene akaiwalika zonse zimasokonekera. Mukalowa pa dzina la gulu n'kupita pa "Permissões do grupo", tsekani mwayi woti aliyense azitumiza uthenga, utsale wa ma admin okha. Mukapanda kutero, pakutha pa masiku ochepa mudzadzaza zithunzi za "bom dia", malonda a nkhuku, mavesi ndi ndale, ndipo uthenga wa mayeso udzakwiririka. Tsekaninso mwayi wosintha dzina ndi chithunzi cha gulu. Kenaka yatsani poti admin azivomereza munthu aliyense asanalowe, chifukwa linki ya gulu imayenda kuchoka pa foni ina kupita pa ina mpaka kufika kwa anthu amene alibe mwana pasukulupo. Ma admin akhale osachepera atatu: woyang'anira turma, mmodzi wa akuluakulu a sukulu, ndi kholo limodzi losankhidwa pamsonkhano. Mphunzitsi akasamutsidwa kapena foni yake ikabedwa, gulu lisafere pomwepo. Malire a gulu limodzi ndi anthu 1024, kotero turma ya ana 60 kapena 70 ilibe nkhawa, koma musasakanize maturma onse m'gulu limodzi. Kholo la mwana wa 9ª A lilibe ntchito ndi TPC ya 7ª C.

Kutseka gulu sikutanthauza kutseka makolo pakamwa. Mukhoza kulitsegula ola limodzi Loweruka kuti afunse mafunso, kenaka n'kutsekanso. Pofuna kusankha tsiku la msonkhano pali kavoti kamene WhatsApp ili nako, koma funsolo mulinenenso m'mawu, ndipo muzikumbukira masiku a msika ndi nyengo ya ntchito. Msonkhano woitanidwa m'mawa nthawi yopalira kapena yokolola fodya mudzakhala nokha ndi mabenchi. Uthenga wofunika kwambiri, monga ndondomeko ya masiku a AT, ukhomeni pamwamba pa gulu. Mungakhome mauthenga mpaka atatu, kwa maola 24, masiku 7 kapena masiku 30. Mukalakwitsa tsiku, muli ndi mphindi 15 zokonzera uthenga wolembedwa. Zikadutsa, ufufuteni kwa onse n'kutumiza wina wonena momveka kuti woyamba uja unali wolakwika, popeza ena anauwerenga kale.

Chinthu china chimene aphunzitsi ambiri sachigwiritsa ntchito: mukakanikiza uthenga wanu n'kusankha pa zambiri zake, mumaona amene wawerenga, amene wamvera mawuwo, ndi amene uthenga sunamufike n'komwe. M'magulu zimenezi zimaoneka ngakhale munthu atazimitsa timizere tabuluu pa foni yake. Dzina limene lakhala milungu iwiri osalandira kanthu ndi la foni yofa, yogulitsidwa, kapena ya munthu amene wasintha nambala. Kholo limenelo lifunidwe mwa njira ina.

Zithunzi za pabolodi kapena za masamba a buku zimathandiza m'turma imene mabuku ndi ochepa, koma zimavuta pawiri. WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza, ndiye zolemba za choko zojambulidwa patali zimasanduka mbuu. Jambulani pafupi, theka la bolodi pachithunzi chimodzi, kuwala kukuchokera kumbuyo kwanu. Mukafuna kuti chilembo chilichonse chioneke, sankhani HD kapena tumizani ngati dokumenti, podziwa kuti mamega a makolo apita ambiri. Zithunzi ziwiri kapena zitatu pamlungu n'zokwana. Makanema asiyeni, kupatula kamodzikamodzi pa zochitika monga za tsiku la ana pa 1 Juni, masewero a sukulu kapena munda wa ana. Pamsonkhano woyamba ndi bwino kuonetsa makolo pozimitsira kuti zithunzi zisamatsike zokha, chifukwa mafoni ambiri otchipa malo ake ndi ochepa, ndipo akadzaza, chinthu choyamba chimene mwana wa m'nyumbamo amachotsa ndi WhatsApp.

Tsopano pamene gululi siliyenera kufika. Pauta isajambulidwe n'kuponyedwa m'gulu. Inde imamatidwa pakhoma la sukulu, koma pakhoma imakhala pomwepo, pamene chithunzi chimafika kwa azakhali ku Moatize ndi kwa anzake a mwanayo tsiku lomwelo, nota yake ya 4 pa 20 ili poyera. Mwana wa msinkhu umenewu manyazi amamupweteka kwambiri, ndipo ena amayamba kujomba chifukwa cha zomwezi. Chimodzimodzinso mayina a ojomba, a osamvera, a osapereka ndalama, ngakhalenso nkhani ya mtsikana amene akuganiziridwa kuti ndi woyembekezera. Zimenezi n'za foni ya kholo lokha, makamaka kuimba kapena kukumana maso ndi maso. Zithunzi zoonetsa nkhope za ana zisatumizidwe makolo asanavomereze pamsonkhano. Ndipo dziwani kuti aliyense m'gulu amaona nambala za anzake onse. Mayi amene sakufuna kuti nambala yake idziwike kwa abambo makumi atatu osawadziwa ali ndi chifukwa chomveka. Kwa otere pali mndandanda wotumizira anthu ambiri nthawi imodzi, wofika anthu 256, umene aliyense amalandira ngati uthenga wa yekha. Vuto lake n'lakuti umafika kwa okhawo amene anasunga nambala ya mphunzitsi m'foni mwawo. Amene sanasunge salandira kanthu, ndipo sachenjezedwa.

Nkhani ya ndalama ikhale ndi lamulo limodzi lolengezedwa tsiku loyamba: sukulu sidzapempha ndalama pa nambala yoponyedwa m'gulu. Mauthenga achinyengo oti "tumizani pa nambala iyi" pa M-Pesa kapena e-Mola ndi odziwika m'dziko muno, ndipo wakuba akalanda WhatsApp ya mphunzitsi amalankhula ndi dzina ndi chithunzi cha mphunzitsiyo. Amalanda pomunyengerera kuti atchule manambala 6 amene abwera pa SMS. Manambala amenewo sauzidwa munthu aliyense, ndipo admin aliyense ayatse chitetezo chachiwiri cha PIN. Kulembetsa mwana kuyambira kalasi 1 mpaka 9 m'sukulu za boma n'kwaulere, ndipo chopereka china chilichonse chigwirizanidwe pamsonkhano, chiperekedwe kusukulu, munthu alandire risiti.

Kufooka kwakukulu kwa gululi sikukonzeka ndi batani lililonse. WhatsApp imafuna foni yamakono, magetsi otchajira, ndi mamega. Ku Ulónguè kapena mumzinda wa Tete zimenezi zimapezeka m'nyumba zambiri. Kumidzi makomo ambiri ali ndi kafoni ka mabatani, ena alibiretu, ndipo pamene foni yaikulu ilipo imakhala m'thumba la abambo amene apita kukagulitsa nyemba, kapena m'manja mwa mwana yemwe akukambidwayo, amene amatha kufufuta uthenga usanamveke. Kufupi ndi malire, ku Calómuè kapena ku Zóbuè, mabanja ena amagwiritsa ntchito makadi a ku Malawi a +265. Nambala zimenezi zimalowa m'gulu bwinobwino, koma kuziimbira kapena kuzitumizira SMS kuchokera pa Movitel, Vodacom kapena Tmcel ndi mtengo wa kunja. Anthu amasinthanso makadi kawirikawiri, ndipo akaunti imene yakhala pafupifupi masiku 120 osalumikizidwa imatha kufufutidwa. Nambala yotayidwa ikadzapatsidwa munthu wina, mlendo akhoza kupezeka m'gulu la makolo. Choncho mndandanda uunikidwe kumayambiriro kwa trimestre iliyonse, katatu pachaka, dzina la mwana ndi nambala ya womusunga pambali pake.

Kwa amene alibe foni yamakono, njira imene imagwira ndi ya makolo olumikiza. Pamsonkhano woyamba wa chaka, mu Febuluwale, lembani makolo malinga ndi mudzi kapena bairo, ndipo pamalo aliwonse musankhe mmodzi wa foni yamakono woti azimvetsera anzake anayi kapena asanu uthenga wa Lachisanu, kaya kutchalitchi, kudimba kapena pachigayo. Uthenga womwewo ana aulembe mwachidule patsamba lomaliza la kope, kholo lisaine kapena kudinda chala, mphunzitsi aone Lolemba. M'turma yaikulu sangaone makope onse, koma akamaona khumi osankha mwachisawawa mlungu uliwonse, ana saleka kukaonetsa kunyumba. Zadzidzidzi, monga kuimitsidwa kwa maphunziro mtsinje utadzaza, zipite pa SMS kwa a mafoni a mabatani, ndipo misonkhano ikuluikulu ilengezedwenso pa wailesi ya m'dera ndi kudzera kwa anyakwawa.

Turma imene makolo oposa theka ali ndi WhatsApp, gululi ndi loyenera kulitsegula mlungu woyamba. Pamene ali ochepera pamenepo, yambani ndi kope ndi makolo olumikiza, gulu likhale la olumikizawo basi. Kulikonseko msonkhano wa kutha kwa trimestre usachotsedwe, ndipo mwana amene wapeza negativa pa ACS ziwiri zotsatizana za phunziro limodzi, womusunga aimbiridwe foni mlungu womwewo, asadikire pauta.