Alitaneta yatsopano, yokonzedwanso, yakale, kapena kukonza yomwe ilipo?

Nyali yofiira ya batire ikayaka m'galimoto injini ikulira, musanagule kanthu yambani mwayeza mphamvu ya batire ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Batire lodzaza bwino limaonetsa pafupifupi 12.6V injini ili yozima, ndipo injini ikalira mphamvuyo imakwera kufika pakati pa 13.5V ndi 14.5V. Ngati sikukwera, chonsecho lamba ndi wokungika bwino ndipo mawaya alibe dzimbiri, kawirikawiri vuto limakhala mu alitaneta, chipangizo chimene chimapanga magetsi odzazira batire, ndipo amene akufuna kugwira yekha ntchitoyi pakhomo ali ndi njira zinayi zoti asankhepo.

Njira imene ambiri amaidumpha, koma imene ine ndimaiika patsogolo pa galimoto zakale, ndiyo kukonza alitaneta yomwe ilipo. Kawirikawiri chimene chimatha ndi mabulashi, timakala tiwiri timene timakhudza mphete zamkuwa za chigawo chozungulira cha mkati, ndipo timaperepeseka pang'onopang'ono mpaka kuleka kukhudza. Pa alitaneta zambiri za Bosch, mabulashiwa amabwera pamodzi ndi regulator (yowongolera kuchuluka kwa mphamvu imene alitaneta imatulutsa) ngati kachipangizo kamodzi komangidwa ndi timasikuluu tochepa kumbuyo, moti munthu wodekha amakasintha popanda zida zapadera. Ubwino wake ndi wakuti pulagi, pulley (kagudumu koyendapo lamba) ndi mabowo a mabawuti zonse zimakhala zomwe zija, kotero palibe nkhawa yakuti chinthucho sichikwana. Komabe njirayi ili ndi malire. Ngati alitaneta ikulira mokwecha chifukwa cha ma bearing (tizitsulo tothandiza chigawo cha mkati kuzungulira mosavuta), ngati mawaya amkuwa a mkati adetsedwa ndi kupsa ndipo akununkha, kapena ngati ma diode (tizipangizo tolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha) afa moti batire likutha usiku galimoto itaima, mabulashi atsopano sathandiza kanthu.

Zikafika pamenepo, mpikisano weniweni uli pakati pa yatsopano ndi yokonzedwanso. Yatsopano ya kampani imene inapanga yoyambayo, kaya ndi Denso, Valeo, Bosch kapena Mitsubishi Electric, ndiyo yodula kuposa zonse, koma ndiyo yoyenera galimoto zamakono zimene kompyuta ya injini imalamula alitaneta kuchuluka kwa mphamvu yoti itulutse. Pa galimoto zotere, regulator yosagwirizana ndi kompyutayo imasiya nyali ya batire ili chiyakire ngakhale alitanetayo ikuzungulira bwinobwino. Yokonzedwanso imatsika mtengo, ndipo ikhoza kukhalitsa ngati okonzawo anasinthadi ma bearing, mabulashi ndi regulator n'kuiyeza ikugwira ntchito. Kuwala kwa kunja sikunena chilichonse za mkati, choncho funsani zimene zinasinthidwa ndiponso utali wa chitsimikizo chake. Yatsopano yotchipa kwambiri yopanda dzina la wopanga sindiilimbikitsa, chifukwa kuli bwino yokonzedwanso ya kampani yodziwika kusiyana ndi yonyezimira imene palibe woiyankhira.

Yakale yochotsedwa pa galimoto ina ndi yotsika mtengo kwambiri, koma mabulashi ake atha kale mwa mlingo umene simungaudziwe. Imayenera pokhapo pamene alitaneta ili pamwamba pa injini, posavuta kuifikira, kuti ikalephera musadandaule ndi ntchito yomasulanso.

Mfundo ya malo imeneyi ndi yofunika kuposa mmene ambiri amaganizira. Pa galimoto zina alitaneta imachoka ndi mabawuti awiri kapena atatu, pamene pa zina muyenera kuchotsa tayala ndi zotchinga za pansi kuti muifikire, ndipo ntchito yovuta chotero ndi yofunika kuigwira kamodzi kokha, ndi chipangizo chodalirika.

Mulimonse mmene mwasankhira, ikani yakale ndi yatsopano pamodzi musanamange, muyerekeze pulagi, mizere ya pulley, ndi ma amp olembedwa pa chikwangwani chake, amene asachepere a yoyamba ija. Chotsani waya wa negative pa batire musanakhudze china chilichonse, popeza waya wamkulu wa kumbuyo kwa alitaneta umakhala ndi moto nthawi zonse ndipo sipanala ikaugundanitsa ndi chitsulo cha injini imathetheka koopsa. Jambulani kayendedwe ka lamba musanamumasule. Mukamaliza, yezani ndi multimeter, osati pochotsa waya wa batire injini ikulira, chifukwa mphamvu imakwera mwadzidzidzi ndipo ikhoza kupsereza ma diode atsopanowo pamodzi ndi kompyuta ya galimoto.